Mphindi Zinayi pa Mathithi

Tinanyamuka kusanache, ine ndi Valdeci,
iye atasenza choimikira kamera cha miyendo itatu,
ine kamerayo ili pachifuwa.
Msewu wa m'mapiri a Minas unali fumbi lokhalokha, lofiira psuu,
masamba a khofi atapiringizika m'minda.
Tinayenda ola lathunthu makutu ali tcheru.
Kale mathithiwa unkawamva usanawoloke mlatho wamatabwa.
Lero tangotulukira: thanthwe ili,
lalitali, lakuda, lili duu
ngati munthu wovulidwa malaya pagulu.

Madzi alipo, ndisaname.
Kaulusi kamodzi kakutsetsereka chakumanzere,
kakuduka pakati, kakupezekanso m'munsi,
kochepa koti mwanayu angakatseke ndi chikhatho.
Pathanthwe pali mzere wotuwa, wopitirira mutu wanga,
pomwe dziwe linkalekeza.
Ndere zauma, zikufumbutuka pansi pa nsapato ngati fodya.

Dona Iraci wa ku ofesi yokopa alendo
akufuna chithunzi pofika Lachisanu.
Sanandiuze kuti ndiname. Anangoti,
ntchito yanu mumaidziwa, Leonilda,
zipinda za alendo zili pululu chiyambire Julaye.

Ndimaidziwadi.
Ndamanga galasi lakuda bii padiso la kamera
kuti masana asanduke usiku,
ndafupikitsa miyendo mpaka chibwano changa chagunda mwala,
ndapeza ngodya yobisa mzere wotuwa uja.
Chaka chamvula theka la sekondi linkakwanira.
Lero ndi mphindi zinayi.

Ndadina. Diso latseguka.
Tsopano osagunda, osaponda mwamphamvu.
Dontho lililonse likamadutsa likusiya kuwala kwake pamalo omwewo,
lina pamwamba pa linzake,
monga ngongole ya pagolosale,
pang'onopang'ono, mpaka tsamba lonse kudzaza.

Mphindi yachiwiri, Valdeci watopa nako kukhala.
Wadutsa pakati penipeni pa chithunzi changa,
wakawerama pakaulusi kaja ndi botolo la pulasitiki,
wadikira, lafika theka, wabwerako.
Ndamukalipira ndi maso okha.
Ndi a mayi, akunong'ona, akuti a pampopi akumveka matope.
Anamzeze awiri atuluka mumng'alu
momwe kale ankabisala kuseri kwa madzi,
azungulira kamodzi, apita.

Diso latseka.

Pagalasi lakumbuyo mwatuluka mathithi oyera mbee,
ofewa ngati nsalu ya kumutu kwa mkwatibwi,
otsika mwaulemu, osaduka paliponse.
Ndi okongola. Ndawapanga ndine ndipo ndi okongola.
Valdeci mulibe. Botolo mulibe. Anamzeze mulibe.
Kamera yasunga chokhacho chobwerera njira imodzi kambirimbiri,
wodutsa kamodzi yamuiwala.

Akusuzumira, mpweya wake ukundiotcha khutu.
Nanga ine ndili pati?
Unayenda msanga, ndikumuyankha.
Akuyang'ana thanthwe, akuyang'ana chithunzi.
Madziwonso amayendatu, akutero.

Ndikanatha kumufotokozera za kuwala ndi nthawi,
ndinaphunzitsapo zimenezi kwa anthu olipira ndalama.
M'malo mwake ndamasula galasi lakuda lija,
ndaliponya m'thumba la jekete momwe muli makiyi,
likalika, likalike.
Kaime apo, ndamuuza, pansi pa mzerewo. Kweza mkono.
Wakweza, wanyang'ama ndi zala za kumapazi,
sakufikira.
Kuphethira kumodzi kokha, thwa,
ndipo ali momwemo yense: chipsera cha pabondo,
botolo la theka, kaulusi kali kumbuyo kwake
koonda monga kalili.

Zithunzi ziwirizi zagona pakakhadi kamodzi.
Lachisanu ndi mkuja.
Lendi yanga ya mwezi uno ili m'chithunzi choyamba.

Pobwerera sitikulankhula.
Dzuwa lakwera, ng'ombe za munthu wina zaima mumtsinje wopanda madzi,
ndipo m'chigwa chonsechi
phokoso lalikulu la madzi ndi la m'botolo la Valdeci,
khuchu, khuchu, pantchafu pake,
mpaka kukafika pamlatho.